Mawu okulira m'kwaya: kodi ndi a mpingo kapena a mwini wake?

Mukafunsa oyimba a ku Chadiza kumene anaphunzirira luso lawo, ndi ochepa amene angakutchulireni sukulu ya zoyimbayimba. Ambiri adzakuuzani kuti anayambira m'kwaya. Kumeneko ndi kumene mwana amadziwira kuti pali sopulano, aluto, tena ndi besi, kuti mpweya amaukokera pati, ndiponso kuti mawu ake asakwirire a mnzake. Amaphunzira masana a mkati mwa sabata ataweruka kumunda, ndipo mayeso ake enieni amakhala pasiwa, pamene kwaya imachezera usiku wonse popanda chimkuzamawu, anamfedwa ali m'misozi, iye n'kumatsogolera nyimbo mpaka tambala woyamba. Sukulu imeneyi ndi yakale. Amishoni a Dutch Reformed, amene anafika ku Magwero mu 1899, anatsegula mishoni ya Nsadzu mu 1908, ndipo pamodzi ndi kuwerenga anabweretsa kayimbidwe ka mawu anayi. Mpingo wa Reformed Church in Zambia umene unatuluka m'ntchito imeneyi, Akatolika, a Seventh-day Adventist ndi mipingo ya Pentekoste imene inadza pambuyo, ndiyo yasula oyimba ambiri m'midzi ya mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume.

Mkangano umabuka mawu aja akakhwima. Wina amamva mtsikana akuyimba paukwati, n'kumuuza kuti luso lotere si lothera kumudzi, apite ku Chipata kapena ku Lusaka akajambule. Kumeneko amamuuza kuti zimene zikuyenda malonda ndi nyimbo za chikondi, za kusweka mtima, zovinira. Akulu a mpingo amati mwana wathu walowerera, wayamba zachikunja. Anzake amati mulekeni, luso ndi lake. Ine ndimakhulupirira kuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zoona, ngakhale sindikuganiza kuti mfundozo n'zolemera mofanana.

Mkangano umenewu si wathu wokha. Mtundu wonse wa nyimbo zotchedwa soul unabadwira m'kati mwake, pakati pa anthu akuda a ku America, ndipo palibe amene moyo wake umaonetsa nkhaniyi bwino kuposa Aretha Franklin. Iye anabadwira ku Memphis mu 1942, nakulira ku Detroit, kumene bambo ake, abusa C. L. Franklin, ankaweta mpingo wa New Bethel Baptist. Abusawa anali mlaliki wotchuka kwambiri moti maulaliki awo ankajambulidwa n'kumagulitsidwa ngati zimbale za nyimbo. M'nyumba mwawo munkafika akatswiri a nyimbo zauzimu monga Mahalia Jackson, Clara Ward ndi James Cleveland. Aretha anaphunzira piyano pomvetsera chabe, ndipo mu 1956, ali ndi zaka 14, anajambula nyimbo zake zoyamba m'tchalitchi cha bambo ake momwemo. Atakwanitsa zaka 18 anawauza kuti akufuna kuyimba nyimbo za dziko. Abusa Franklin sanamuthamangitse. Anamuthandiza kupeza kampani ya Columbia mu 1960, n'kumamuyang'anira pa ntchito yake.

Chochititsa chidwi n'chakuti zaka zisanu ndi chimodzi za ku Columbia sizinamutchukitse kwenikweni. Kumeneko ankamuyimbitsa nyimbo zosalala, zofatsa, zoyenera m'mahotela a anthu olemera, ndipo mphamvu ya mawu ake inkabisika. Zinthu zinasintha mu 1967 atasamukira ku kampani ya Atlantic, pamene wojambula nyimbo Jerry Wexler anamukhazika pa piyano yekha n'kumulola kuyimba monga ankayimbira ku New Bethel: kukoka mawu, kubuula, kuitana ena n'kumavomera. Chaka chomwecho anatulutsa Respect, nyimbo imene Otis Redding anayamba kuyimba mu 1965, koma m'kamwa mwa Aretha inasanduka mfuu ya akazi ndi ya anthu akuda ofuna kulemekezedwa. Choncho chimene dziko linagula kwa iye chinali tchalitchi chomwecho, mawu a nyimbo okha ndiwo anali ena. Mu Januwale 1972 analowa m'tchalitchi china cha Baptist ku Los Angeles pamodzi ndi James Cleveland ndi kwaya yake, n'kujambula chimbale chauzimu cha Amazing Grace, chimene chinagulidwa makope opitirira 2 miliyoni. Anamwalira mu 2018 asanasiye mpingo, asanasiyenso nyimbo za chikondi.

Achinyamata akamva mbiri imeneyi amati nkhani yatha, mboni ndi imeneyo. Koma akulu a mpingo ali ndi mboni zawonso, ndipo si bwino kuwapeputsa ngati anthu otsalira.

Mfundo yawo yoyamba ndi ya chikhulupiriro. Kwa iwo mawu abwino ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, ndipo mwana amene waima kutsogolo kwa mpingo zaka khumi akutsogolera anthu kupembedza wadzipatula ku ntchito yopatulika. Mmero umene unatonthoza amasiye pamanda sungapite kukasangalatsa oledzera Loweruka usiku popanda kanthu kena kuwonongeka, mwa woyimbayo ndi mwa omumvera. Mahalia Jackson, amene Aretha ankamulemekeza ngati mayi ake, ankaganiza chimodzimodzi. Anakana moyo wake wonse kuyimba blues kapena kuyimba m'malo omwera mowa, ngakhale ankalonjezedwa ndalama zambiri, ndipo kukana kwakeko sikunamulepheretse kutchuka pa dziko lonse. Al Green, amene bambo ake anamuchotsa m'gulu lauzimu la pabanja atamupeza akumvetsera nyimbo za Jackie Wilson, anafika pamwamba penipeni pa nyimbo za soul, koma mu 1976 anakhala m'busa ku Memphis, ndipo patapita zaka zochepa anasiya kwa nthawi yaitali kuyimba za dziko. Munthu amene anaona zonse ziwiri ndi maso ake anasankha kubwerera. Akulu amati kodi zimenezi sizikutiuza kanthu?

Mfundo yachiwiri ndi imene imandikhudza kwambiri, chifukwa ndi ya kholo lodera nkhawa mwana. Sam Cooke, mwana wa abusa, anali mtsogoleri wa gulu lauzimu la Soul Stirrers. Pojambula nyimbo yake yoyamba ya dziko anachita kubisala pa dzina lakuti Dale Cook poopa anthu a mpingo, koma mawu ake anamuulula. Mu 1957 You Send Me inamukweza pamwamba, ndipo mu Disembala 1964 anawomberedwa ndi mfuti pa nyumba ina yogona alendo ku Los Angeles ali ndi zaka 33. Whitney Houston anakulira m'kwaya ya New Hope Baptist ku Newark, pansi pa mayi ake Cissy Houston. Anamwalira mu 2012 ali ndi zaka 48 atalimbana kwa nthawi yaitali ndi mankhwala osokoneza bongo. Mayi wa Chigwirizano ku Nsadzu mwina sanamvepo maina amenewa, koma zimene amaopa n'zomwezo. Amadziwa kuti mwana wamkazi wochoka ku Chadiza kupita ku Lusaka alibe pogona podalirika, kuti ndalama za situdiyo alibe, ndipo kuti mwamuna amene angamuuze kuti ndikujambula ulere nthawi zambiri amafuna malipiro ena. Amadziwanso kuti woyimba wongoyamba kumene salandiridwa m'maholo aakulu, amayambira m'mabala. Amene amati mantha amenewa ndi umbuli sanalerepo mwana wamkazi.

Palinso nkhani ya ngongole, imene akulu saitchula mokweza koma ili mumtima. Mphunzitsi wa kwaya sanalandire ngwee. Kiyibodi inagulidwa ndi zopereka za alimi ogulitsa mtedza ndi mpendadzuwa. Yunifolomu anasonkherana. Ndiye zipatso zikapsa akadye ndi eni mabala a ku Lusaka, kwaya n'kutsala yopanda wotsogolera?

Tsono timve achinyamata. Iwo amayambira pa mimba, ndipo sachita manyazi kutero. Kwaya silipira. Mnyamata wa zaka 22 amene wamaliza giredi 12 koma alibe ntchito, amene chaka chonse amadikira mtengo wa chimanga ndi soya umene sauika ndi iye, ali ndi chuma chimodzi chokha chimene chilala sichingachiwononge, ndicho mawu ake. Amafunsa funso limene sindinamvepo yankho lake lokhutiritsa: mlimi wachikhristu amagulitsa chimanga kwa aliyense, mmisiri wachikhristu amakhoma zitseko za nyumba ya aliyense, mphunzitsi wachikhristu amaphunzitsa masamu osati katekisimu yekha, ndipo palibe amene amawadula mu mpingo. N'chifukwa chiyani woyimba yekha ndiye ayenera kugwiritsa ntchito luso lake m'tchalitchi mokha? Ngati luso lililonse n'lochokera kwa Mulungu, lamulo likhale limodzi kwa onse.

Amatsegulanso Buku Lopatulika lomwelo. M'menemo muli Nyimbo ya Solomo, buku lathunthu la mwamuna ndi mkazi okondana, ndipo palibe sinodi imene inalichotsamo. Muli Davide amene ankaimbira zeze mfumu Sauli kuti mtima wake ukhale pansi, ntchito ya ku nyumba yachifumu osati ya ku kachisi. Muli fanizo la matalente, mmene wodzudzulidwa ndi uja anakwirira chimene anapatsidwa. Mpingo umadalitsa ukwati, umalangiza banja likagwedezeka, umalira ndi mkazi wosiyidwa. Nanga nyimbo yonena za zinthu zomwezi imasanduka bwanji yachikunja?

Apa mbiri yathu ikuwathandiza kwambiri achinyamata, chifukwa malire a chimene chimatchedwa chachikunja akhala akusuntha. Amishoni oyamba anakaniza ng'oma m'tchalitchi poiona ngati ya kudambwe. Kuwomba m'manja ndi kuvina popembedza kunali kosaloledwa. Kwa Akatolika khomo linatseguka pambuyo pa msonkhano waukulu wa Vatican wa 1962 mpaka 1965, ndipo lero Misa ya ku Chadiza yopanda ng'oma, nthungululu ndi ana ovina kutsogolo ingaoneke yachilendo. Makwaya ambiri a mipingo ina nawonso amaponda sitepe imene agogo athu akanaitanidwa nayo ku bwalo la akulu. Ku America zinali chimodzimodzi: Thomas Dorsey, amene lero amatchedwa tate wa nyimbo zauzimu za anthu akuda, anali woyimba blues, ndipo mipingo yambiri poyamba inakana nyimbo zake poti zinkanunkha kubala. Ndiponso tisaiwale kuti Achewa ankayimba mishoni isanabwere. Kuitana ndi kuvomera kumene kumakometsa makwaya athu kunachokera pamtondo, ku chimtali, ku chitelele ndi kuchinamwali, kumene mayi ankatha kudandaula za mwamuna wake kapena apongozi ake m'nyimbo mudzi wonse ukumva. Ngati tikuwerenga ngongole, mpingo nawo uli nayo kwa mudzi.

Chitsanzo chimene chili pafupi nafe ndi cha ku Balaka m'dziko la Malawi, ndipo nyimbo za kumeneko zinkamveka pa mawailesi kuno, omvera osaganizako n'komwe za malire. Mu 1978 Paul Banda anayambitsa Alleluya Band pa parishi ya Katolika, mothandizidwa ndi bambo Mario Pacifici. M'gulu limeneli ndi mmene mng'ono wake Lucius Banda anakulira. Lucius atatulutsa chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, pa nthawi imene Malawi ankachoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, anayimba za andende, za amphawi, za mabala amene ulamulirowo unasiya. Anthu anamutcha Soldier. Pamene ankamwalira mu Juni 2024 anali atayimba za ndale, za chikondi, za imfa ndi za Mulungu, ndipo n'zovuta kunena kuti ndi ziti mwa zimenezi zinali kunja kwa chikhulupiriro chimene anakuliramo. Maepiskopi a mpingo wake anali atalemba kale kalata yodzudzula nkhanza za boma mu Malichi 1992. Iye ananena zomwezo ndi gitala, n'kuzifikitsa m'minibasi ndi m'misika mmene kalata sinkafika.

Patience Namadingo, woyimba wa ku Malawi komweko, ndi wa m'badwo wa achinyamata a lero. Anatchuka ndi Mtendere, nyimbo yauzimu, ndipo atayamba kuyimba za chikondi ambiri amene ankamukonda anakhumudwa n'kumati wagwa. Koma nyimbo yake ya Mapulani inamutsegulira Zambia yense, ndipo mu 2020 anakhala pansi ndi agogo Giddes Chalamanda, amene anabadwa mu 1930, n'kujambula nawo nyimbo zawo zakale. Imodzi mwa nyimbozo, Linny Hoo, inafalikira pa TikTok mpaka kumayiko amene sadziwa liwu limodzi la Chichewa, ndipo nkhalamba imene inali itaiwalika inalemekezedwa ikadali moyo. Sindikuona lamulo la Mulungu limene linaswedwa pamenepo. Ndikuona lamulo lolemekeza makolo likukwaniritsidwa. Njirayi ndi yopita uku ndi uku. Ku Malawi, Wambali Mkandawire anachoka ku gulu la Sounds Pentagon n'kutembenuka mtima mu 1978, ndipo kuno kwathu Pompi anasiya nyimbo za dziko n'kutulutsa chimbale chauzimu cha Mizu mu 2012. Onsewa analowa m'nyimbo zauzimu atanyamula luso limene analinolera kunja, ndipo mpingo unapindula nalo.

Komabe achinyamata ali ndi pobisala pamene ndikufuna kuwatulutsapo. Akamadziteteza amatchula Aretha Franklin ndi Lucius Banda, koma zambiri zimene zimajambulidwa m'masitudiyo aang'ono n'kumatumizidwa pa WhatsApp sizili pafupi n'komwe ndi Respect. Zina n'zotukwana, zina zimasandutsa mkazi chiwalo chimodzi cha thupi, zina zimatamanda mowa ndi ndalama zosadziwika kochokera. Mkulu wa mpingo akamva nyimbo yotere ikutuluka m'kamwa mwa mwana amene anamuphunzitsa kalasi, kukwiya kwake n'koyenera, ndipo Nyimbo ya Solomo siingagwiritsidwe ntchito ngati chishango cha zinyalala. Funso loti nyimbo ikunena zoona kapena zabodza, ikumanga munthu kapena kumunyoza, ndi funso limene mpingo uli ndi ufulu wonse kulifunsa. Ungolifunsanso kwa nyimbo zotchedwa zauzimu, chifukwa nazonso zasanduka malonda, ndipo zilipo zolonjeza galimoto ndi nyumba kwa aliyense wopereka, kapena zokondwerera kugwa kwa adani, zimene dzina la Yesu lili pamwamba chabe.

Pamene ndimasiyana ndi akulu ndi pa mankhwala awo. Nkhawa yawo yaikulu ndi yakuti mwana akawonongeka kutauni, koma chimene amachita ndi kumudula, ndiye kuti kumuchotsera anthu okhawo amene akanamuteteza. Mtsikana amene wauzidwa kuti ukapita usadzabwerenso amapitabe, kungoti tsopano amapita mobisa, alibe kalata yomudziwitsa ku mpingo wa ku Lusaka, alibe mayi wa Chigwirizano womulandira, ndipo zikamuvuta amachita manyazi kubwerera. Sam Cooke anachita kusintha dzina poopa anthu a mpingo. Aretha anaperekezedwa ndi bambo ake, abusa. Sindikunena kuti kusiyana kwa mathero awo kunachokera pamenepa pokha, moyo wa munthu suwerengedwa mophweka chotero, ndipo Aretha naye anakumana ndi zowawa zambiri. Koma Aretha anali ndi khomo lotseguka kwawo, ndipo anadzalowanso pakhomopo mu 1972 atanyamula chimbale chimene mpaka lero chili m'gulu la zimbale zauzimu zogulidwa kwambiri.

Ku Balaka mpingo sunangolekerera oyimba, unawagulira zida, ndipo situdiyo ya Paul Banda inajambula oyimba ambiri amene akanasowa kolowera. Mipingo ya ku Chadiza ilibe ndalama zotero, koma si yopanda kanthu. Kiyibodi ndi zimkuzamawu zimakhala zokhomeredwa m'kabati masiku ambiri a sabata. Mu mpingo uliwonse muli mphunzitsi kapena kalaliki wa boma wotha kuwerenga pangano la situdiyo mwana asanasaine, ndi kumuuza kuti nyimbo zake akazilembetse ku bungwe la ZAMCOPS kuti akaziimba pa wailesi alandirepo kanthu. Breeze FM ndi Radio Maria zili ku Chipata konkuno, si ku Lusaka. Ndipo ngongole ija ili ndi njira yobwezera yosafuna kumanga munthu: woyimba akabwera kumudzi aphunzitse ana a kwaya zimene waphunzira, ayimbe pa maliro a kwawo popanda kulipiritsa, athandize kugula zida zatsopano.

Pali malo amodzi pamene ndikuima ndi akulu popanda kukayika. Munthu amene ntchito yake ya Loweruka usiku ndi kuyimba m'bala mpaka mbandakucha sayenera kukakamira kutsogolera kwaya m'mawa mwake. Kutsogolera mapemphero ndi udindo, ndipo mpingo uli ndi ufulu wosankha woupatsa, monga umasankhira akulu ndi atumiki. Atule pansi udindowo mwaulemu, wina aphunzire kutsogolera. Koma kutula udindo n'kosiyana ndi kuchotsedwa pa Mgonero kapena kufufutidwa m'kaundula, ndipo m'mabwalo ambiri a mpingo zinthu ziwirizi zimasakanizidwa. Bwalo likakhala pa mlandu wa woyimba, liyambe lamvetsera nyimbo imene akuimbidwa nayo mlanduyo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mwini wake ali pomwepo kuti afotokoze chimene ankatanthauza.